Utoto wa ebru wasiya kumira

Kumbuyoku ndinafunsa chifukwa chimene utoto wanga unkamira m'madzi m'malo moyandama, pamene ndinkayesa ebru, luso la ku Turkey lokongoletsa pepala poliyala pa utoto woyandama pamadzi. UNESCO inazindikira lusoli mu 2014. Zikomo nonse amene munandiyankha, tsopano zatheka.

Nkhani yaikulu inali ndulu ya ng'ombe. Amisiri a ku Istanbul amathira madontho ake mu utoto, ndipo ndiyo imachititsa kuti dontho lifutukuke pamwamba pa madzi. Mtundu uliwonse wobwera pambuyo umafuna ndulu yochulukirapo kuti ukankhe wam'mbuyo. Ikachepa, utoto umapita pansi. Fungo lake si labwino, koma palibe kuchitira mwina.

Madzinso ayenera kukhala onanda pang'ono. Amaviikamo kitre, utomoni wa chitsamba china cha kumapiri a Anatolia, kwa masiku angapo, kenako n'kusefa pa nsalu.

Ndayamba ndi battal, yongowaza utoto ndi burashi ya ubweya wa hatchi. Maluwa ojambula amene mmisiri wa ebru Necmeddin Okyay anatchuka nawo ndikuwasirira kwambiri, koma dzanja langa lisanakhazikike sindiwayamba. Amene mwayesapo carrageenan (ufa wochokera ku zomera za m'nyanja) m'malo mwa kitre, utoto umagwira bwino papepala?