Mayi wogona mumsewu ndi ana, ndimuthandize bwanji?

Abale, ndigawireniko nzeru. Pali mayi wina amene amagona pakhonde la sitolo ndi ana awiri, wamng'ono akadali wa kumsana. Masana amapemphetsa pamaroboti, usiku amayala makatoni, anawo n'kuwagoneka chakukhoma, iye chakumsewu kuti achiwembu akabwera ayambe apeza iyeyo.

Ndalama ndikamupatsa zimathera chakudya cha tsiku lomwelo, ndipo sindimuda nazo. Chikundisowetsa mtendere ndi mwana wamkuluyo. Wafika msinkhu wa sukulu, koma ndiye amene amatambasula dzanja chifukwa anthu amamvera chisoni mwana msanga.

Ndikakanena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, sakamulanda anawo? Mayiyo akuopa zimenezo. Inu amene munathandizapo mayi wotere, munayamba ndi pogona kapena kampamba ka geni?