Amene munapitako ku NCUR, ndithandizeni nzeru

Moni abale ndi alongo amene muli kuno ku America. Ine ndili chaka chachitatu pa koleji ina yaing'ono, ndikuphunzira chemistry. Kwa miyezi isanu ndi itatu tsopano ndakhala ndikuyeza madzi a m'kamtsinje kena kapafupi ndi sukulu, kuona kuchuluka kwa nitrate mvula ikagwa. Mabotolo anga adzadza theka la firiji ya mu labu, anzanga afika poyamba kundiseka.

Dzulo aphunzitsi anga anandiuza kuti nditumize chidule cha kafukufukuyu ku NCUR (National Conference on Undergraduate Research), msonkhano wa pachaka woti ophunzira a digiri yoyamba azionetsa kafukufuku wawo, umene unayambira ku Asheville, North Carolina mu 1987. Panopa umayendetsedwa ndi Council on Undergraduate Research (CUR), bungwe lomwe akatswiri a chemistry anayambitsa mu 1978. Koma aphunzitsiwo anangonena izi akutuluka pakhomo, ndipo mafunso anga anandithera m'kamwa.

Nkhawa yanga yaikulu ndi ndalama. Kodi wophunzira amayenera kulipira yekha umembala wa CUR, kapena umembala wa sukulu umakwanira? Nanga ya ndege ndi malo ogona, inu munaipeza kuti? Ofesi yathu ndinailembera kawiri, mpaka lero zii.

Chinanso, kodi ndisankhe positala (kuonetsa ntchito yanga pa chipepala chachikulu) kapena kuyankhula pamaso pa anthu? Chingerezi ndimatha, koma ndikanjenjemera ndimathamanga ngati ndikuthawa galu, Amereka n'kumangoti ndibwereze. Zotsatira zanganso sizinathe zonse, kwatsala miyezi iwiri ya kuyeza. Amalola chidule cha ntchito yosamalizika?

Chonde amene munadutsamo, ndiuzeni mmene munachitira.