Bambo a kunyumba akuti chitsulo chimenechi si mfuti, ndithandizeni

Membala wosatchula dzina: Abale anga a kuno ku America, mtima wanga suli m'malo. Bambo a kunyumba analowa gulu la anthu omenyera ufulu wokhala ndi mfuti. Loweruka lililonse ali kumsonkhano, akuti aphungu akufuna kusintha lamulo kuti ngakhale zidutswa za mfuti zizitchedwa mfuti. Pano agula pa intaneti kachitsulo kopanda nambala, kachidutswa ka mfuti kosamalizidwa, akuti 80% lower, kali m'galaja. Akuti si mfuti mpaka atakaboola. Ndalama imeneyo ndimafuna titumize kwa amayi ku Dedza ya feteleza, koma ndikayankhula akuti ndimakondera kwathu. Alamu anganso akhala pakhomo pano kuyambira chaka chatha, ngakhale bilu ya magetsi sathandiza. Tili ndi ana awiri, ndipo tisamuka posachedwa. Kodi kachitsuloka kangatimangitse?

Achimwene a ku Texas: Mayi, asiyeni bambowo! Second Amendment, gawo la malamulo aakulu a America lopereka ufulu wokhala ndi mfuti, ilipo kuyambira 1791. Mu 2022 khoti lalikulu pa mlandu wa Bruen linanena poyera kuti munthu ali ndi ufulu wonyamula mfuti kunja kwa nyumba. Andale akaona kuti alephera kuletsa mfuti, amayamba kusintha tanthauzo lake. Lero chitsulo, mawa adzati screwdriver ndi mfuti.

Namwino wa ku South Bend: Muli state iti, ndipo mukusamukira kuti? Kuno ku Indiana kuyambira July 2022 safuna chilolezo chonyamulira mfuti, koma mukasamukira ku Illinois pafunika khadi la FOID lokulolani kukhala ndi mfuti, ndipo mfuti zopanda nambala analetsa mu 2022.

Mayi a Mapasa: Ine nkhani ya alamuyo ndi imene yandikhudza. Wanga anakhala pathu mpaka ukwati unagwedezeka. Muwauze achoke.

Achimwene a ku Texas: Illinois ndi chitsanzo cha zomwe ndikunena. Malamulo ambirimbiri, koma ku Chicago mfuti zikulirabe usiku uliwonse. Wakuba safunsa FOID.

Malume a ku Joni: Achimwene, munayamba mwalozedwapo mfuti inu? Ine anandilanda foni ndi malipiro a mwezi wonse ku Hillbrow. Ndikanakhala ndi mfuti m'thumba bwenzi atandilanda yomweyo n'kundiwombera nayo.

Achimwene a ku Texas: Malume, za ku Joni ndi zina. Musasokoneze anthu.

Wophunzira wa ku Ohio: Achimwene mwasiya dala mbali ina. Lamulo la 2022 la ATF, bungwe la boma loona za mfuti, limati ma kit ena opangira mfuti osavuta kumaliza ndi mfuti kale, ndipo khoti lalikulu lomwelo linavomereza mu March 2025. Komanso mayi, bambowo ali ndi pepala lanji? Wa green card amaloledwa. Wa viza ya sukulu kapena ya ntchito saloledwa kukhala ndi mfuti, pokhapokha pazifukwa zochepa monga laisensi yosakira nyama. Zimenezi zikhoza kuwabwezetsa kumudzi. Onanani ndi loya wa za immigration asanakhudze chitsulocho.

Agogo a Chisomo: Mfuti ndi ana nyumba imodzi? Mwana wanga, itanani ankhoswe, ngakhale pa WhatsApp.

Achimwene a ku Texas: Loya wachiyani? Amangodya ndalama za anthu. Bambowo apitirize kupita kumisonkhano, ufulu sautaya chifukwa cha mantha.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Za alamu ndayesa kale, apongozi anandiimbira foni n'kundikalipira. Bambowo akuti adzakaboola Lamlungu tikachoka kutchalitchi.

Namwino wa ku South Bend: Asisi, state iti? Nanga pepala lawo ndi lotani? Tiyankheni Lamlungulo lisanafike.