Za foni ya agogo ija yosamva mayina

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake foni ya agogo anga ku Matero, mu Lusaka, sipeza nambala akatchula dzina pakamwa, poti maso awo anayamba kuchita chidima. Zikomo nonse munayankha aja.

Vuto lapezeka. Makina omva mawu a m'fonimo anazolowera Chingelezi, ndiye pa dzina la Phiri amadikira kumva "Firi", pomwe la Ng'andu amangosokonezekeratu. Ndasintha mayina m'fonimo: a Phiri tsopano ndi "Pastor", amalume ndi "Uncle Kabwe". Zatheka ndithu, bola agogo azimitse kaye wailesi n'kuyankhula mofatsa.

Koma m'minibasi pa siteshoni ya Kulima Tower musayese, foni imamvera kondakitala. Dzulo inaimbira apongozi m'malo mwa wogulitsa makala, ndipo agogo anaitanitsa thumba limodzi asanazindikire.