Kusunga mameseji a pafoni ku imelo

Wa ku Katoto:
Abale ndithandizeni. Ndimagulitsa katundu mumsika wa Mzuzu ndipo makasitomala ambiri amalipira pa Airtel Money ndi Mpamba, choncho umboni wonse wa ndalama uli m'mameseji. Foni yanga ndi ya Android. Ndingatani kuti mamesejiwa azisungika ku Gmail, kuti foni ikabedwa kapena kufa ndisataye zonse?

Wa ku Luwinga:
Achimwene, tsitsani pulogalamu ya SMS Backup & Restore pa Play Store. Mukaitsegula, ipatseni chilolezo chowerenga mameseji, dinani Set up a backup, sankhani Messages, kenako sankhani Google Drive ya akaunti yanu ya Gmail. Imapanga fayilo imodzi yothera ndi .xml, momwe mumakhala meseji iliyonse, nambala ya wotumiza, tsiku ndi nthawi. Ngati mukufuna ikhale mu imelo mwenimwenimo, dzitumizireni nokha fayiloyo. Dziwani kuti Gmail salola fayilo yoposa 25 MB. Mameseji a mawu okhaokha safika pamenepo msanga, chimene chimatupitsa fayilo ndi zithunzi zotumizidwa pa meseji (MMS), ndiye zichotseni posankha.

Ikani kuti izisunga yokha tsiku lililonse madzulo mukaweruka. Apa ndi pamene ambiri amagwa: mafoni ngati Tecno, Itel ndi Infinix amatseka mapulogalamu ogwira ntchito mobisika pofuna kusunga batire, nthawi n'kukwana koma palibe chasungidwa. Lowani mu Settings, pa batire, muichotse pulogalamuyi pa zotsekedwa. Sabata iliyonse onani deti la fayilo yomaliza.

Wa ku Chibavi:
Pali inanso, SMS Backup+, imene imaika meseji iliyonse mu Gmail ngati imelo pansi pa dzina la SMS. Kwa wamalonda ndi yabwino chifukwa mungafufuze nambala kapena ndalama pomwepo. Koma kuyambira 2019 salola kulowa ndi batani la Google. Muyenera kuyatsa 2-Step Verification (chitsimikizo chachiwiri polowa, kuwonjezera pa pasiwedi) pa akaunti ya Google, kupanga app password (pasiwedi yapadera ya pulogalamuyi) ya zilembo 16, n'kulemba mu pulogalamumo seva imap.gmail.com ndi port 993. Pasiwedi yanu ya masiku onse ikanidwa. Pulogalamuyi ndi yakale ndipo pa mafoni atsopano imavuta, choncho ine ndingati muyambe ndi ija atchula a ku Luwinga.

Wa ku Katoto:
Zikomo kwambiri. Nanga Backup ija ya mu Settings pansi pa Google siyikwanira?

Wa ku Luwinga:
Iyatseni, koma musadalire iyo yokha. Imasungadi mameseji, koma simungawatsegule kuti muwerenge, ndipo amabwerera pokhapokha poyamba kukonza foni yatsopano kapena yofufutidwa. Komanso foni ikakhala masiku 57 osagwira ntchito, Google amafufuta zosungidwazo. Onaninso malo: 15 GB zaulere zimagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, zikadzaza kusunga kumaima.

Mayi a ku Zolozolo:
Ndiwonjezere za kubwezeretsa, poti kusunga kopanda kuyesa kulibe phindu. Pa foni yatsopano ikani SMS Backup & Restore yomweyo, dinani Restore, ndipo idzapempha kukhala pulogalamu yaikulu ya mameseji. Vomerani, chifukwa Android salola ina kulemba mameseji. Ikamaliza bwezerani pulogalamu ya mameseji ya masiku onse msanga, apo ayi mameseji atsopano angakuphonyeni.

Chenjeraninso ndi fayilo ya .xml. Aliyense woipeza angathe kuitsegula n'kuona mabalansi anu, mayina ndi manambala a makasitomala. Musaisiye pa memore khadi popereka foni kwa okonza, ndipo musalowe Gmail yanu pafoni ya munthu wina. Nambala yobwezeretsera akaunti isakhale ya SIM ya mufoni yomweyo yokha, onjezerani imelo ina kapena lembani ma backup code (makhodi a Google olowera mu akaunti foni ikasowa) papepala musunge kunyumba. Mameseji a WhatsApp salowa m'zonsezi, amenewo amasungidwa paokha kudzera mu Chats, pa Chat backup.