Admin ndibiseni dzina: kodi mafuta a lavender amamwa?

Admin ndibiseni dzina chonde. Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, ana awiri, wamng'ono akuyamwa. Chimwalirireni mayi anga miyezi isanu yapitayo, tulo tidathawa. Ndikangoti ndigone mtima umagunda ngati ndimathamanga, m'manja thukuta, maganizo mbwee mpaka tambala kulira. Kuchipatala anandiyeza BP ndi shuga, akuti zonse zili bwino. Masana ndimangokhala ndwii, ngakhale geni yanga ya kaunjika ndinaisiya.

Msuweni wanga wa ku Joni ananditumizira kabotolo ka 10 ml ka mafuta a lavender. Ndimadontheza kawiri pa kansalu n'kuika pafupi ndi pilo. Sindinama, fungo lake limandikhazika mtima pansi, masiku ena ndimagonako. Koma kukacha chimtolo chija chili pomwepo. Tsopano mayi wina wogulitsa mafutawa pa WhatsApp akuti ndikuchedwa nazo, ndizithira mu tiyi, ndigulenso a bergamot ndi a bulugamu. Kodi amamwa zoona? Nanga mwana woyamwayu? Bambo a kunyumba akuti ndi ulesi chabe.

Mayi wa ku Ndirande: Pepani achemwali, imfa ya mayi siizolowereka. Ine ndimaphika tiyi wa lemongrass madzulo, wa masamba enieni, osati za m'mabotolozo.

Nesi: Mayi, musamwe chonde. Mafuta amenewa ndi okhathamira kwambiri, kabotolo kamodzi kamachokera ku mulu wa maluwa. Amatha kuwotcha m'kamwa ndi m'mimba. A bulugamu ndiye oopsa kwa ana, mwana akamwa ngakhale pang'ono akhoza kukomoka. Pakhungunso sapaka okhaokha, madontho awiri amasakaniza mu supuni yaing'ono ya mafuta a coconut, ndipo musapake pabere. Bergamot mukapaka n'kuyenda padzuwa, khungu limapsa. Ogulitsa amakonda kunena kuti lavender anafufuzidwa. Wakumwa amene anamuyesa pa nkhawa ndi kapisozi wa 80 mg wotchedwa Silexan, wopangidwa ku Germany. Si wa m'botolo mwanuyo.

Bambo wina: Nthawi ya Covid tinathothola bulugamu mitengo mpaka kutsala mbee, tikufukiza usiku ndi usana. Mphuno zimatseguka, koma nkhawa ya ngongole inali pomwepo kkkk.

Mayi wa chigwirizano: Izi n'zofunika mapemphero, mwana wanga. Pitani kwa abusa anu.

Nesi: Mapemphero apite ndithu amayi, koma kuchipatala apitenso. Mwini funso, miyezi isanu osagona, geni kuisiya, chimenecho si chisoni cha maliro chokha ayi. Akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Mukapita musakangoti mtima ukugunda, adzakuyezaninso BP n'kukubwezani. Mukanene zonse mwalemba apazi, mupemphe kuonana ndi a zamaganizo, munenenso kuti mukuyamwitsa. Ku Lilongwe komweko kulinso a St John of God, omwe amathandiza anthu ovutika ndi matenda a maganizo. Ndikufunseni mosabisa: maganizo ofuna kudzipha amakubwererani?

Mwini funso: Ayi anesi, kudzipha sindinaganizeko. Kungoti nthawi zina ndimalakalaka nditagona osadzuka msanga. Chondiopsa n'choti apongozi akamva adzati ndapenga, ndine wa ku Zomba.

Mlongo wa ku Harare: Sisi, kuno matendawa amati kufungisisa, ndiye kuti kuganiza kwambiri. Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki, iwe n'kumawafotokozera mavuto ako. Ine ndinakhalapo mwamuna wanga atamwalira. Palibe anandimanga zingwe. Lavender ndili naye mpaka lero, ndimanunkhiza ndikamagona, koma chinandidzutsa pamphasa si iyeyo.

Nesi: Mawu oti osadzuka aja mukawanenenso kuchipatala momwe mwawanenera pano. Akakula usiku, dzutsani bambo, musadikire kuche.

Mwini funso: Ndamva. Lolemba ndipita, mng'ono wanga wavomera kundiperekeza. Bambowo ndiwaonetsa zimene mwalembazi. Nanga kansalu kaja ndisiye?

Nesi: Kansalu pitirizani ngati kakukuthandizani, bola kasakhale kumene mwana amagona. Botololo ikani pamwamba pa kabati.

Mwini funso: Mayi wa pa WhatsApp uja wanditumiziranso uthenga, akuti ndikagula atatu andichotserako mtengo. Sindinamuyankhe.