Tigule solvent za HPLC grade, kapena za wamba zikwanira?

Tadala: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi utoto wa methyl red wosakanikirana ndi wa methyl orange, ndikufuna kuwalekanitsa pa column ya silica (chubu chodzaza ufa wa silica, momwe utoto umatsika ndi solvent). Kodi m'pofunikadi kugula solvent (zosungunulira) monga ethyl acetate ndi methanol za HPLC grade, zoyeretsedwa kwambiri zija? Mtengo wake ukundiopsa.

Mphatso: Musataye ndalama, achemwali. HPLC grade amaigulira makina oyeza ndi kuwala kwa UV, chifukwa kumeneko kachitsotso kochepa kokha kamasokoneza zotsatira. Utoto wanuwo umaoneka ndi maso. Nkhani yagona pa mphamvu ya solvent. Methyl orange ndi mchere wa sodium wokhala ndi sulfonate, ndiye mu hexane ndi ethyl acetate sasuntha n'komwe, amangokhala pomwe mwamudonthezera. Methyl red yekha ndiye amayenda. Tulutsani ameneyo kaye, kenako muthire methanol kuti mnzakeyo atsike.

Chisomo: Zoona, koma za technical grade, zawamba zosayeretsedwa kwenikweni zija, sindizikhulupirira. Mukaumitsa zimasiya timafuta pansi pa flask. Ngati mukufuna kudzayeza kulemera kwa utotowo kapena kupanga NMR (kuyeza kapangidwe ka molekyulu yake), mudzalira.

Mphatso: Achimwene, distillation (kuwiritsa solvent n'kutolera nthunzi yake) inabwereranji? Ethyl acetate imawira pa 77 °C, methanol pa 65 °C. Timafutato timatsalira m'mbuyo.

Chisomo: Nthawi nayonso ndi ndalama. Komanso si labu iliyonse imalola ophunzira kuwiritsa malita a zinthu zoyaka moto.

Mayi Thokozani: Nonse muli ndi mfundo, koma mwalumpha analytical grade, yomwe ili pakatikati. Ine ndingagule imeneyo. Tadala mwanawe, samala ndi asidi. Timadontho ta acetic acid timathandiza kuti methyl red asamakoke mchira pa TLC (kambale kopakidwa silica koyeserapo kulekanitsa), poti ali ndi gulu la asidi la COOH. Koma utoto uwiriwu ndi ma indicator, umasintha mtundu malinga ndi kuchuluka kwa asidi: methyl red amafiira pH ikatsika pa 4.4, methyl orange ikatsika pa 3.1. Ukachulutsa asidi onse afiira, osadziwanso uyu ndani. Dalira Rf (mtunda umene utoto wayenda poyerekeza ndi wa solvent), ndipo dontheza utoto uliwonse paokha pambali pa chosakanizacho.

Tadala: Nanga butanol, acetic acid ndi madzi, 4:1:5? Ndimaiona kawirikawiri.

Mayi Thokozani: Pa TLC ili bwino, utenge gawo la pamwamba zikapatukana. Pa column ayi. Butanol imawira cha pa 118 °C, kuichotsa ndi chintchito.

Chisomo: Ndipo wina asakunamizeni kuti methylated spirit ilowa m'malo mwa ethanol. Yambiri imabwera ndi utoto wakewake wapepo, mukhala mukulekanitsa mitundu itatu.

Tadala: Zikomo nonse. Ndiitanitsa analytical grade, mabotolo ang'onoang'ono. Hexane ilipo kale. Ndiyamba ndi TLC ndisanadzaze column.